Pepala la Simenti Lingathe Kukongoletsa Pansi pa Nyumba

Anzanga a pa seminale, abambo ansembe ndi inu makolo athu, aliyense wa ife anaonapo mapepala a matumba a simenti akuuluka pamalo pamene akumanga nyumba. Ena amawatola kuti akakulungire usipa, ana asukulu amakutira nawo makope, ndipo otsala amathera pamoto. Koma pali ntchito ina ya mapepala amenewa imene ambiri kuno kwathu sanaimvepo: kuwang'ambang'amba, kuwamata pa simenti ya pansi m'chipinda, kenaka n'kupaka vanishi pamwamba pake. Ntchito ikatha, pansi pamaoneka ngati payalidwa chikopa chofufuta bwino, kapena miyala yosalala yolumikizana. Mlendo amene sanauzidwe sangalote n'komwe kuti waima pa pepala.

Ndikudziwa kuti wina waseka kale powerenga mawu amenewa. Kodi pepala, limene limafewa ndi dontho limodzi la mvula, lingapirire mapazi a banja lonse? Funsoli ndi lanzeru ndithu. Kunena zoona, munthu saponda pepalalo ayi. Chimene chimanyamula anthu ndi mipando ndi simenti ya pansi. Chimene chimakhudzana ndi phazi ndi vanishi wa pamwamba. Pepala limangokhala pakati, ngati chithunzi chotsekeredwa m'felemu ya galasi. Malinga madzi asalifike, kaya ochokera pamwamba kaya ochokera kunsi, likhoza kukhala zaka. Madzi akangolifika, ntchito yonse yapita. Tsono kwa ife a ku Malindi, amene nyanja ili pakhomo penipeni, nkhani ya madziyi si yoti n'kuidumpha.

Nzeru yoyala pepala pansi si yatsopano. Ku Korea, dziko la kum'mawa kwa Asia kumene kumazizira mpaka madzi kuuma gwa ngati mwala, nyumba zamakolo zinkakhala ndi pansi pa pepala kwa zaka mazanamazana. M'chipinda ankayala miyala yaphanthiphanthi, ndipo kunsi kwa miyalayo ankasiya tinjira todutsa utsi wochokera pa moto wa kukhitchini. Kamangidwe kameneka amakatcha ondol. Pamwamba pa miyala ankazira dothi, monga amachitira amayi athu, kenaka n'kumatapo mapepala olimba otchedwa hanji, opangidwa ndi makungwa a mtengo wa mtundu wa mabulosi. Pomaliza ankapera soya wonyika m'madzi, n'kumusakaniza ndi mafuta a mbewu ina yotchedwa perilla, ndipo ankapaka kangapo konse mpaka pansi pachita chikasu n'kumawala. Anthu ake salowa ndi nsapato m'nyumba, ndipo mwa mwambo wao amakhala pansi, kudyera pansi ndi kugona pansi pomwepo. Awerengi, sungani zinthu ziwiri pa nkhani ya ku Korea: moto wa kunsi umene unkaumitsa dothi, ndi kuvula nsapato. Tizipezanso kutsogoloku.

Pafupi ndi kwathu kuno, mphunzitsi wina wa ku Zimbabwe dzina lake Bevill Packer anayamba m'zaka za m'ma 1970 kuphunzitsa anthu kupanga mipando, matebulo ndi mashelefu pogwiritsa ntchito makatoni, mapepala otha ntchito ndi phala la ufa. Luso limeneli linafalikira m'maiko ena, moti ku Lusaka gulu lotchedwa APTERS lakhala likupangira ana olumala mipando yapadera ya mapepala. Ku Japan nako, chivomezi chitagwedeza mzinda wa Kobe mu 1995 ndipo tchalitchi cha Katolika cha Takatori chitapsa, katswiri wojambula mapulani a nyumba, Shigeru Ban, anamanga nyumba yongoyembekezera yokhala ndi nsanamira 58 za mapepala. Choncho pepala lolumikizidwa bwino si chinthu chochipeputsa. Koma njira yeniyeni imene ndikufotokoza pano inatchuka ku America, kumene anthu amang'amba mapepala a khaki n'kumata m'zipinda zao pofuna kupewa mtengo wa matailosi ndi matabwa.

Si pepala lililonse limene lingagwire ntchitoyi. Nyuzipepala ndi yosavuta kupeza, koma ikanyowa imangophwanyika m'manja, ndipo ikakhalitsa imachita chikasu choipa. Chifukwa chake n'chakuti popanga pepala la nyuzi amangopera mtengo ndi makina, tiulusi take n'kuduka kukhala tatifupi, komanso amasiyamo utomoni wa mtengo wotchedwa lignin umene umasintha mtundu ukaona dzuwa. Pepala la khaki limapangidwa mwa njira ina imene anaitulukira Carl Dahl mu 1879. Amaphika zidutswa za mtengo m'mankhwala amene amasungunula utomoni uja n'kusiya tiulusi tatitali tosaduka. Njirayi anaitcha kraft, mawu a Chijeremani otanthauza mphamvu. N'chifukwa chake thumba la pepala limatha kunyamula simenti yolemera makilogalamu 50 osaphulika, ndipo n'chifukwa chakenso pepalali mungalinyike mu guluu, kulifinya ndi kuliwongola osang'ambika.

Masiku ano simenti ina imabwera m'matumba oluka a pulasitiki, ngati a feteleza. Amenewo alibe ntchito pano. Funani a pepala, amene amakhala ndi mapepala awiri kapena atatu osanjikizana. La m'kati kwenikweni limakhala ndi fumbi la simenti, ndipo fumbi limeneli likakumana ndi thukuta limawotcha khungu, choncho likung'untheni panja mphepo ikuchokera kumsana, kenaka lipukuteni ndi kansalu kofinya bwino. La kunja lili ndi malembo a kampani. Mukhoza kulitembenuza kuti malembo ayang'ane pansi, ngakhale kuti inki yakuda nthawi zina imaonekerabe vanishi akalowa. Labwino koposa ndi lapakati. Pepala limodzi mukalitambasula limakwana pafupifupi theka la sikweya mita, ndipo poti zidutswa zimasanjikizana m'mphepete, chipinda cha mamita 3 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi chimadya matumba pafupifupi 15. Wosapeza matumba akhoza kugula mapepala a khaki okutira makope aja. Matumba amene munali mankhwala a mbewu kapena a tizilombo musawakhudze n'komwe.

Yambani mwaifunsa simenti

Simenti imaoneka ngati mwala, koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timakoka chinyezi kuchokera m'nthaka, monga chingwe cha koloboyi chimakokera parafini. Pansi pakakhala posapaka kanthu, chinyezicho chimauluka osadziwika. Mukatseka pamwamba ndi vanishi, chimasowa kotulukira, chimaunjikana pomwe pali guluu ndi pepala. Guluu amafewa n'kuyera ngati mkaka, pepala limatukuka matuza, ndipo pakapita masabata pamamera chuku. Amisiri odziwa ntchito amayala pulasitiki wokhuthala asanathire simenti ya pansi pofuna kutchinga chinyezichi, koma nyumba zambiri za m'midzi mwathu anangothira simenti pa dothi kapena pa zidutswa za njerwa.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Dulani pulasitiki woonekera, mbali iliyonse masentimita 45, mumuyale pa simenti, ndipo mumate mbali zonse zinai ndi selotepi kuti mpweya usalowe. Musiyeni usiku ndi usana. Mukamatula n'kupeza timadontho kunsi kwake, kapena simenti yada kusiyana ndi malo ozungulira, chipinda chimenecho chakana, ndipo musalimbane nacho. Yesani malo angapo, makamaka m'makona ndi m'mbali mwa khoma la kunja. Koma apa pali msampha. Mukayesa mu Okutobala, pamene Mangochi yense ali ng'aning'ani ndi dzuwa, pafupifupi simenti iliyonse idzakuuzani kuti ndi youma. Nthawi yoyesa ndi Febuluwale kapena Malichi, nthaka itakhuta mvula. Ntchito yeniyeni ndiyo muigwire m'chilimwe, ndipo kwa ife ana asukulu tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti chimagwa pabwino. Simenti yatsopano isanathe masiku 28 musaiyandikire, ndipo kudikira miyezi iwiri kapena itatu n'kwabwino koposa.

Amene nyumba zao zili pa mchenga wa m'mphepete mwa nyanja aganize kawiri. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kwambiri, madzi n'kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo m'boma la Mangochi. Ngakhale kumene mafunde sanafike, madzi a pansi pa nthaka anakwera nawo. Nyumba imene inachita chinyontho chaka chimenecho idzachitanso nyanja ikadzabwerera, ndipo pepala silingapirire ngakhale tsiku limodzi la madzi oima. Amene ali kumtunda, chakumapiri, ali ndi mwai woposa a kugombe.

Nanga pansi pa dothi, pozira? Amayi ena anandifunsa zimenezi, poti kuzira ndi ntchito yobwerezabwereza, ndipo akanakonda kupumulako. Yankho ndi lakuti ayi. Paja ku Korea pepala linkakhala pa dothi chifukwa kunsi kwake kunkadutsa moto masiku onse ozizira, dothi n'kukhala louma ngati mbiya yootcha. Dothi la m'nyumba zathu limalumikizana ndi nthaka yonyowa, limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo chiswe chimayenda m'menemo mwaufulu. Pansi potere dothi lozirira ndi mwala wokulungizira zikadali zoposa pepala. Ndipo tisaiwale kuti amayi amene amazira khonde ndi dothi lakuda n'kudula mzere wa katondo m'mphepete akukongoletsa kale nyumba, mwa luso limene ife anyamata ambiri sitingalithe. Ku Rwanda bungwe la EarthEnable, limene linayamba mu 2014, limatsendera dothi ndi mchenga n'kupaka mafuta amene amauma gwa, kuti pansi pa dothi pazikolopeka. Njira imeneyo ndiyo yoyenera kuifufuza amene alibe simenti.

Simenti ikavomera, iyeretseni. Nyumba zambiri zinapakidwa polishi wofiira wa Cobra kwa zaka, ndipo polishi ndi phula. Guluu sagwira pa phula. Kwechani ndi madzi otentha, sopo ndi bulashi yolimba, mubwereze mpaka madzi atasiya kufiira, kenaka pakauma mukhule ndi sandipepa. Thirani kadontho ka madzi: kakalowa m'simenti, phula latha, kakangokhala kozungulira ngati mkanda, kwechaninso. Ming'alu yonse ndi maenje muzitseke ndi simenti yosakaniza ndi mchenga wosefa, osaiwala mpata wa pakati pa khoma ndi pansi. Izi n'zofunika pa zifukwa ziwiri. Pepala silibisa chilema, kamwala kakang'ono ngati njere ya mapira kadzaonekera pamwamba. Chachiwiri ndi chiswe. Chakudya cha chiswe ndi tiulusi ta mtengo, ndipo pepala ndi tiulusi ta mtengo tokhatokha. Chikapeza mng'alu umodzi chidzadya kunsi n'kusiya vanishi ali phee pamwamba, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kung'amba ndi kumata

Sizasi muibise. Pepala lodula ndi sizasi limakhala ndi mphepete yokhuthala imene imaima ngati kasitepe, ndipo chala chaphazi kapena mwendo wa mpando ukakodwa pamenepo limayamba kumatuka. Long'amba ndi manja limathera mopyapyala, tiulusi take tili nyankhalala, ndipo timeneti timagona pa chidutswa chinzake mpaka polumikizira posamveka ndi dzanja. Ng'ambani zidutswa zazikulu ngati mbale ya nsima, zina zocheperako, zosafanana maonekedwe. Zikachepetsa ntchito imatalika ndipo pansi pamaoneka piringupiringu. Zikakulitsa zimavuta kuwongola. Zidutswa zokhala ndi mbali imodzi yowongoka, zochokera m'mphepete mwa thumba, muziike padera kuti zikagone motsata khoma.

Chidutswa chilichonse muchifumbate n'kuchifinya ngati mukupanga mpira wachikulunga, kenaka muchitambasule. Makwinya amenewa ndiwo mwini kukongola. Pamene pepala lapindika tiulusi timatseguka, ndipo pamenepo pamamwa guluu ndi utoto wambiri kuposa malo ena, n'kutuluka timizere takuda tonga ta pachikopa. Iyi ndi ntchito yabwino kugawira ana madzulo, poti palibe chimene angaononge. Dziwaninso kuti mbali ziwiri za pepala la khaki sizifanana: ina ndi yosalala, ina yokhakhala, ndipo zimamwa utoto mosiyana. Wofuna mtundu umodzi ayang'anitse mbali imodzi kumwamba nthawi zonse. Ine ndimakonda kusakaniza, chifukwa ndi pamene pamaoneka ngati miyala.

Guluu wake ndi woyera uja amagwiritsa ntchito akalipentala polumikiza matabwa, amene pachitini amalemba PVA. Pa simenti sakanizani kapu imodzi ya guluu ndi kapu imodzi ya madzi m'beseni, mutakase mpaka afanane ndi phala la mwana lamadzimadzi. Wina anena kuti, bwanji osangophika phala la ufa wa chinangwa, monga timamatira makaiti ndi zithunzi pakhoma, poti a ku Zimbabwe aja anapangira mipando phala lomwelo? Phala limamata ndithu. Koma mpando mungautulutse padzuwa kuti uume mbali zonse, mungaunyamule poona kuti chiswe chayandikira. Pansi pa nyumba simunganyamule. Ndipo phala ndi chakudya: mphemvu, nyerere ndi makoswe zidzalimva fungo. Kusunga ndalama ya guluu n'kuitanira alendo otere m'chipinda si phindu.

Yambirani ku kona ya kutali ndi chitseko, kuti musadzitsekere m'kati. Pakani guluu pa simenti malo okwana zidutswa zitatu kapena zinai. Viikani chidutswa m'beseni, muchifinye pang'ono, muchiyale, ndipo muchisisite ndi dzanja kuchokera pakati kupita m'mphepete kuti mpweya wonse utuluke. Mpweya wotsalira umasanduka thuza limene lidzaphulika tsiku lina pansi pa chidendene. Chidutswa chotsatira chikwere pa chinzake masentimita 2 kapena 3, chifukwa pepala likamauma limakhwinyata pang'ono, ndipo mukangogundanitsa mphepete simenti idzasuzumira pakati. Muzitembenuza zidutswa uku ndi uku kuti mizere isalondolane. Anthu awiri amagwira bwino, wina kuviika wina kuyala. Maondo amapweteka, pindani chiguduli mugwadire.

Pa tchuthi chapitacho ine ndi mlongo wanga tinayala kachipinda ka amalume kwathu ku Malindi, kamene amasungiramo mabuku ndi makina osokera, mamita 2 m'lifupi ndi 3 m'litali. Kumata kokha kunatitengera tsiku lathunthu. Madzulo ake pansi panali potukukatukuka ngati khungu la ng'ona, ndipo agogo atasuzumira pakhomo anagwira pakamwa nati, "Adzukulu anga, nyumba ya amalume anu mwaiyala zinyalala chonchi, akulakwirani chiyani?" Ndikunena izi kuti inunso musadzataye mtima pa ola limenelo. Pepala lonyowa limafufuma, ndipo likamauma limadzikoka lokha n'kugona. Patapita masiku awiri makwinya aakulu onse anali atalowa. Otsalira ochepa tinawacheka ndi lezala, n'kulowetsamo guluu, n'kumatapo kachidutswa kena pamwamba. Agogo omwewo ndi amene tsopano amatengera alendo kukaona.

Pepala likauma mukhoza kulisiya ndi mtundu wake wa khaki, umene umaderako vanishi akalowa n'kufanana ndi uchi. Wofuna mtundu wina agule utoto wa matabwa ku sitolo ya hadiweya, apake ndi kansalu mopyapyala. Tiyi wakuda wowiritsa kwambiri amaderetsanso pepala, koma ameneyu ndi bwino kunyikamo zidutswa n'kuziumitsa musanamate, kusiyana ndi kuthira madzi pa ntchito youma kale. Ena amaika maluwa kapena nsomba zodula pa pepala la mtundu wina pakati pa chipinda. Kwa ine zimenezo zimachotsa ulemu wa ntchitoyi, pansi pamayamba kuoneka ngati khoma la sukulu ya mkaka, koma aliyense ali ndi maso ake. Mtundu uliwonse muyambe mwauyesa pa kachidutswa kapadera, kuupaka ndi vanishi yemwe, chifukwa pepala lopakidwa silibwereranso.

Vanishi ndiye mwini nkhani

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amaona pepala lamatika bwino, amapaka vanishi kawiri, n'kulowetsa mipando. Pakatha mwezi pakhomo pabooka. Paja tinati phazi limaponda vanishi, choncho kukhuthala kwa vanishi ndiko kutalika kwa moyo wa ntchito yanu. Funsani vanishi wa pansi wotchedwa polyurethane, osati wopaka mipando wamba. Alipo wa mitundu iwiri. Wosungunulira madzi amauma msanga, sanunkha kwambiri ndipo sasintha mtundu wa pepala kwenikweni. Wa mafuta amachedwa kuuma, amanunkha, amaderetsa pepala ndipo nthawi zina amasiya mawangamawanga pamene guluu sanafike bwino. Uliwonse umene mwapeza, pakani mopyapyala kosachepera ka 6, ndipo panjira ya pakhomo onjezerani kawiri. Muzidikira kuti auma monga alembera pachitini musanabwereze. Mukapaka kachitatu, khulani pang'ono ndi sandipepa wosalala kuti timinga tichoke, mupukute fumbi, n'kupitiriza. M'mbali mwa khoma vanishi akwereko chala chimodzi pakhomapo kuti atseke mphepete ya pepala, poti madzi ndi chiswe zimalowera pamenepo.

M'mwezi wa Ogasiti mwera umakhala usanaleke, ndipo umanyamula fumbi ndi mchenga. Vanishi wosauma amagwira chilichonse chomugwera. Komanso simungatseke mazenera onse, chifukwa fungo lake limazunguza mutu. Chimene tinachita ife ndi kupachika chitenje chonyowa pazenera lotsegula, kuti mpweya uzidutsa koma fumbi lizitsalira, ndi kupaka m'mamawa mphepo isanadzuke. Usiku musayatse nyali m'chipindamo, popeza tizilombo touluka ta kunyanja timatsata kuwala, ndipo m'mawa mudzatipeza titamatirira pansi ponse. Ndi vanishi wa mafuta nkhani ya nyali ndi yoopsa kuposa apo: mpweya wake umayaka, choncho kandulo, koloboyi, mbaula ndi fodya zikhale kutali. Nsanza zopukutira musaziunjike pakona, muziyanike panja chotambasula, chifukwa nsanza za mafuta otere zikaunjikana zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Mukamaliza, dikirani sabata yathunthu musanalowetse bedi kapena kabati.

Tsopano makolo, tiyeni tiwerengere, chifukwa mawu oti pansi pa pepala amanyenga ngati kuti zonse n'zaulere. Pepala lokha ndilo laulere. Chipinda cha mamita 3 mbali zonse ndi masikweya mita 9. Lita imodzi ya vanishi imapaka pafupifupi masikweya mita 10 ulendo umodzi, ndipo ulendo woyamba pepala limamwa kwambiri. Kupaka ka 6 ndiye kuti malita 6 kapena 7. Onjezanipo malita 3 kapena 4 a guluu, bulashi ndi sandipepa. Katundu wotere mitengo yake imatsata ndalama zakunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu za m'hadiweya zinakwera zedi. Musanang'ambe thumba ngakhale limodzi, wolokani mlatho wa Bakili Muluzi mukafunse mitengo pa boma, ndipo mufunsenso mtengo wa matailosi ndi wa kapeti wa pulasitiki wa chipinda chomwecho. Safunsa anadya phula.

Poyerekeza musaone mtengo wa tsiku logula lokha. Matailosi amafuna mmisiri ndi simenti yomatira, koma akaikidwa bwino amakhala zaka makumi, ndipo saopa madzi. Kapeti wa pulasitiki ndi wofulumira, koma amang'ambika pa miyendo ya mipando ndipo kunsi kwake kumabisala chinyezi ndi mphemvu. Polishi wofiira ndiye wotchipa pa zonse, kungoti amafuna kugwada ndi kupukuta sabata ndi sabata. Pansi pa pepala pali pakatikati: simulipira mmisiri, pamakongola mosiyana ndi nyumba ina iliyonse m'mudzi, koma pamafuna kuonjezera vanishi kamodzi pakatha chaka kapena ziwiri. Amene akudziwa kuti sadzakwanitsa kugula chitini chimenecho chaka chamawa, kuli bwino akhale ndi polishi wake.

Mdani wa tsiku ndi tsiku kwathu kuno ndi mchenga. Sandipepa amene timakhulira matabwa ndi timiyala tomata pa pepala basi, ndipo phazi lochokera kugombe limasanduka sandipepa yemweyo. M'kachipinda ka amalume, patatha dzinja limodzi, pakati ponse pakuwalabe koma malo oyamba kuponda polowa ayamba kuzilala. Apa ndi pamene mwambo wa ku Korea uja ukugwira ntchito, ndipo kwa ife si wachilendo: abale athu Asilamu, amene ndi ambiri m'dera lathu, amasiya nsapato pakhomo la mzikiti, ndipo m'nyumba zambiri za kuno mlendo amavula yekha osauzidwa. Ikani mkeka kapena chiguduli pakhomo, sesani tsiku lililonse ndi tsache lofewa, ndipo pokolopa finyani nsanza mpaka isadonthe. Madzi akatayika apukuteni nthawi yomweyo. Miyendo ya mipando muiveke tizidutswa ta chubu cha njinga, ndipo chinthu cholemera muzichinyamula, osachikoka. Mbaula ndi nsimbi ya makala zisatere pamenepo.

Ubwino umodzi umene matailosi alibe ndi kukonzeka kwake. Tailosi ikasweka mumayenda sitolo ndi sitolo kufuna yofanana nayo, mwina osaipeza. Pepala likabooka, mumangokhula malowo ndi sandipepa, kung'amba kachidutswa katsopano, kukafinya, kukamata, ndi kupaka vanishi kangapo. Poti pansi ponse ndi zigamba kale, chigamba chatsopano sichidziwika. Choncho sungani thumba limodzi kapena awiri a pepala lomwelo pamalo ouma, pamodzi ndi vanishi wotsala m'chitini chotseka bwino.

Zipinda zoyenera ndi zogona, zowerengera, kapena kaofesi kumene sikulowa anthu ambiri. Kukhitchini, kubafa, pakhonde ndi m'sitolo yogulitsira nsomba musayese. Amene akukayika ayambe ndi malo aang'ono, mita imodzi pakona ya chipinda, awasiye adutse dzinja lonse, aone ngati atukuka kapena achita chuku. Pano pa sukulu, abambo akatilola, malo amene ndingasankhe ndi kona ya laibulale kumene kuli mashelefu a magazini, titayamba tayesa ndi pulasitiki uja mu Febuluwale. Ku chipinda chodyera ndi kumene timagona, kumene anyamata a Fomu 1 amakolopa pokhuthula ndowa yathunthu pansi, pepala silingafike ngakhale pa mayeso a teremu yoyamba.